Lole Yofera pa Chitunda

“Atate, Njati imakoka magalimoto onse akafa. Nanga iyoyo ikadzafa, adzaikoka ndani?”

Anafunsa ndi Agnesi, mwana wa mnzanga Matiyasi Shawa, ali ndi zaka zisanu. Tinaseka tonse, ine ndi atate ake, titakhala pamthunzi wa loleyo tikukukuta chimanga chootcha. Matiyasi anati, “Njati siifa, mama. Imangodwala, ndipo ikadwala imandiuza ine.”

Sankanama. Njati inali lole yaikulu ya kampani ya mtengatenga imene tinkagwirako ntchito ku Fort Jameson. Inali ndi mbedza ndi unyolo kumbuyo, ntchito yake kukoka malole amene afera panjira. Matiyasi anaiyendetsa zaka zisanu ndi chimodzi, ine Edmund Miti ndili makaniko wake. Akangoika khutu pa boneti, ankandiuza sipanala yoti nditenge. Mu 1941 anapita kunkhondo kukayendetsa malole a asilikali. Makalata ake ankachokera ku Abisiniya, kenako ku Seloni, kenako analeka kubwera. Zimene ndikunenazi zinachitika m’dzinja la 1944, patatha miyezi khumi ndi inayi chifikire kalata yomaliza.

Lachinayi masana, Sajeni Gerson Lungu wa ku polisi anandipeza ndili pansi pa Njati.

“Tulukani kaye, a Miti. Ine sindiyankhula ndi mapazi.”

Ndinatuluka ndikupukuta manja. Chimene anadzera ndinkachidziwa. Dzulo lake Njati, ikukoka lole yodzaza chimanga, inazima pakati pa chitunda chochokera ku mtsinje wa Lutembwe. Msewu unali matope okhaokha, ndipo mabuleki sanathe kugwira malole awiri. Zonse zinayamba kubwerera chammbuyo. Samson, bambo wa ana asanu amene ntchito yake inali kumanga unyolo, anathamangira kukaika chipika kuseri kwa tayala. Chipika chinagwira, koma tayala linali litadutsa kale pamwendo wake.

“Bwana wanu akuti nkhani ndi yaifupi,” anatero sajeni akutambasula pepala. “Dalaivala Wilbroad Daka amagulitsa petulo, n’kuthiramo palafini kuti thanki izioneka yodzaza. M’bokosi la zitsulo tapezamo chitini cha palafini. Ino ndi nthawi ya nkhondo, kuba petulo ndi kubera boma. Mlandu ukulowa Lolemba. Pepalali likuti injini ilibe vuto, vuto ndi mafuta. Makaniko ndinu. Sainani.”

Ndinaliwerenga kawiri. Kusukulu ya madzulo anatiphunzitsa kuti pepala lowerenga kamodzi sasaina.

“Theka loyamba ndi loona,” ndinatero. “Injini ndaifufuza, sindikupeza kanthu. Theka lachiwirili sindikulidziwa.”

“Lole yazima katatu m’masabata awiri. Ngati si injini, si mafuta, ndiye n’chiyani? Mizimu?”

“Ndipatseni mpaka Lamulungu.”

Sajeni anafunsa, “Daka ndi mnzanu?”

“Ayi.”

Ndinanena zoona. Wilbroad ankaimba mluzu poyendetsa, ankasintha magiya ngati akuthyola nkhuni, ndipo ankakhala pampando wa Matiyasi. Chomalizachi silinali tchimo lake, koma ndi chimene chinkandiwawa kuposa zinazo.

Sajeni atachoka ndinayambiranso poyamba. Palafini sabisala. Injini ikamudya imadetsa mapulagi ndi mwaye, koma onse asanu ndi limodzi anali ouma, otuwa bwino. Ndinadonthezera mafuta a m’thanki papepala loyera. Anauluka onse osasiya banga, pamene palafini amasiya banga ngati la nsinjiro. Oilo sanali wamadzimadzi. M’kagalasi kosefera mafuta munalibe madzi kapena litsiro. Kabuleta ndinali nditatsuka kale kawiri. Lole itazima koyamba ndinasintha koilo, itazima kachiwiri ndinasintha mapointi, ndipo nthawi zonsezo ndinauza bwana kuti matenda atha.

Ndinailiza. Inalira ola lathunthu pabwalo la galaja, mawu amodzi osadukiza. Ndinayang’ana uku ndi uku, nditaona kuti palibe akundiona ndinaika khutu pa boneti monga ankachitira Matiyasi. Ndinangomva kutentha kwa chitsulo.

*

Lachisanu m’mawa anandilola kuona Wilbroad m’chitolokosi.

“Amisiri! Mwabwera kudzaona nkhunda m’khola? Mwatenga fodya kapena mafunso?”

“Zonse ziwiri. Tandiuzani za tsiku loyamba.”

“Msewu wa ku Chipangali, ndikukoka lole ya matabwa. Tangoyenda mamailosi asanu ndi atatu, pachitunda, inayamba kutsokomola ngati nkhalamba ya chifuwa. Khophu, khophu, basi zii.”

“Munatani?”

“Ndinatukwana.”

“Mutatha kutukwana?”

“Ndinatenga ndodo kuyeza petulo. Wodzaza mpaka pakhosi. Ndinatsegula boneti, kuyang’anamo ngati munthu wodziwa kanthu, kutsekanso. Kupukusa chitsulo cholizira injini kamodzi, yalira.”

“Kachiwiri?”

“Msewu wa ku Kasenengwa, chimodzimodzi. Kutukwana, ndodo, boneti, kupukusa. Koma chodabwitsa, amisiri, tsiku lina tinachoka nayo thanki ili pakati mpaka ku Mtenguleni, kupita ndi kubwera, ngakhale kuyetsemula ayi. Lole imeneyi ili ngati apongozi anga. Ikakhuta ndi pamene imayamba matenda.”

Ndinalemba mawu amenewo m’kabuku kanga. Munthu wakuba petulo lole yake imavuta thanki ikatsika, osati ikadzaza.

“Nanga chitini cha palafini?”

Anandiyang’ana kukamwa kuli yasa. “A Miti! Si chija munandipatsa inu eni, chotsukira zitsulo?”

Ndinali nditaiwala.

“Apolisi mwawauza?”

“Ndawauza. Akuti mbala iliyonse ili ndi mnzake amene anaipatsa.” Anakoka fodya, ndipo nthabwala zinamuthera. “Mkazi wanga Elesi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mukudziwa lamulo la bwana. Munthu akalowa ndende, banja lake lituluke m’nyumba ya kampani tsiku lomwelo. Apita kuti mvula ino?”

“Alipo amene amadana nanu?”

“Kupatula inu?” Anaseka pang’ono. “A Kopolo Gabrieli, mlonda uja. Amati sindiyenera ngakhale kupukuta nsapato za Matiyasi. Lolemba lililonse ndimapeza Njati ikung’anima ngati mkwatibwi, iwo ataima pambali kundiyang’ana ngati ndabwera kudzaidetsa.”

*

Samson ndinamupeza kuchipatala, mwendo ataumangirira ku matabwa. Anali munthu wa mawu ochepa, wa ku Kasenengwa, woyankhula akuyang’ana pansi ngakhale atagona chagada.

“Ine za injini sindidziwa, bambo. Ine ndi wa chipika ndi unyolo.”

“Mungondiuza zimene munaona mutagwa. A Daka anapita pathanki?”

“Iyayi. Anandikokera pambali, n’kung’amba malaya awo kumanga mwendo. Anatuma munthu wa njinga ku Boma. Iwo anakhala nane, mutu wanga uli pamiyendo pawo, akundiimbira nyimbo zopanda mutu kuti ndisagone. Sanachoke.”

“Bwana akuti anali ndi nthawi yokhutula mafuta oipa n’kuthira abwino.”

“Ndi dzanja liti, bambo? Onse awiri anali pa ine.”

“Bwana atafika anatani?”

Samson anati, “Sanandiyang’ane. Anapita pathanki. Ine ndinagona pafupi pomwepo. Atatsegula, Njati inausa moyo.”

“Inatani?”

“Fuuu. Ngati mayi akatula mtolo wa nkhuni. Ndinayesa ndine, kuti mzimu ukutuluka. Kenako bwana ananunkhiza, kutukwana chizungu, kupukusa. Yalira.”

Ndinatuluka m’chipatala osaona njira. Lole inafa katatu, ndipo katatu konse inadzuka munthu atatsegula thanki. Ine ndemwe, tsiku lililonse ndisanailize pabwalo, ndinkayamba ndatsegula thanki kuyeza mafuta. Ndinkaichiza ndi dzanja langa ndisanaione ikudwala.

*

Loweruka m’mawa ndinapempha sajeni kuti athire yekha petulo wochokera m’mgolo wosatsegula. Anathira mpaka pakhosi, ine n’kumanga chitsekero zolimba. Tinakoleka lole yodzaza njerwa, tinatenga amuna anayi a zipika kuti aziyenda m’mbali, ndipo tinalunjika ku Lutembwe. Aka kanali koyamba kuti ndikhale pampando wa Matiyasi. Chiwongolero chinali chosalala malo awiri, pamene ankagwira.

Tinatsikira kumtsinje, tinatembenuka, tinayamba kukwera. Giya yoyamba, phazi pansi. Njati inakoka bwino mpaka pa mtengo wa mpundu umene uli pakati pa chitunda. Pomwepo inatsokomola kawiri n’kuzima. Zipika zinagwira.

Ndinapukusa mpaka thukuta kulowa m’maso. Inakana.

“Petuloyu ndathira ndi dzanja langa,” anatero sajeni, akuyankhula ngati yekha.

“Bwerani kuno. Ikani khutu apa.”

Ndinapotokola chitsekero cha thanki pang’onopang’ono. Mpweya unalowa ndi mluzu wautali, ndipo chitsulo cha thanki chinalira phu, chikubwerera m’malo mwake.

“Mukamatsegula chitini cha mkaka mumaboola mabowo angati, a sajeni?”

“Awiri.”

“Lachiwiri ndi lolowera mpweya. Mukalitseka ndi chala, mkaka umaleka kutuluka. Thanki nayo ndi choncho. Pampu ikamakoka petulo, mpweya uyenera kulowa kudzatenga malo ake. Pabwalo injini imamwa pang’ono, ndiye siivutika. Pachitunda, ikukoka lole inzake, imamwa mwaphuma. Ndipo thanki ikadzaza, mpweya wa m’katimo ndi wochepa, umatha msanga.”

“Ndiye bowo lachiwirilo lili pati?”

Ndinatembenuza chitsekero m’manja. Chinali cha mkuwa, chopukutidwa mpaka ndinadziona nkhope. M’mbali mwake munayenera kukhala kabowo kochepa ngati diso la singano. Ndinafunafuna ndi chikhadabo mpaka ndinakapeza. Kanali kotsekedwa ndi phula loyera, losalazidwa bwino. Paphulapo panali chidindo cha chala chachikulu, koma cha dzanja laling’ono.

Sajeni anachiyang’ana padzuwa. Nkhope yake inauma.

“Ndiye uku si kuba, a Miti. Uku ndi kuwononga galimoto mwadala nthawi ya nkhondo, munthu n’kuthyoka mwendo. Mlandu wake ndi woposa wa petulo.”

“Wilbroad sangatseke mphuno za lole imene akweremo yekha.”

“Mwina. Koma satuluka mpaka nditapeza wolowa m’malo mwake. Lole ikagona, amakhala nayo ndani?”

Anayankha yekha.

“Mlonda. Lolemba m’mawa ndidzamutenga.”

Ndinatokosola phula lija ndi singano, ndipo Njati inakwera chitunda chonse osatsokomola. Kaphula kotsalira pa singano ndinakanunkhiza sajeni akuyang’ana kwina. Phula la mumng’oma ndimalidziwa, limakhala loderako ndipo limanunkha utsi. Ili linkanunkha m’tchalitchi.

*

A Gabrieli Ngoma anamenya nkhondo yoyamba ija ya Majeremani, ndipo mpaka nthawi imeneyo aliyense ankawatchula kuti a Kopolo. Ndinawapeza masana omwewo pachipata cha galaja, ataima njo ngati kukubwera kazembe. Ine ankanditchula fundi, mawu amene anabwera nawo kunkhondo otanthauza mmisiri.

“Pachipata changa sipalowa munthu wopanda chilolezo, fundi. Zaka khumi ndi ziwiri, ngakhale nati imodzi sinasowe.”

“Nanga Lamulungu?”

“Lamulungu ndi tsiku la Mulungu.”

“Njati amaipukuta ndani?”

“Ine.”

Ndinawafotokozera za phula, za mpweya, ndi zimene sajeni akufuna kuchita Lolemba. Anamvetsera maso ali kutsogolo.

“Ndi tinjuchi tija timamanga m’mabowo,” anatero.

“Njuchi zilibe chala, a Kopolo.”

“Ndiye ndine. Lembani m’kabuku kanuko. Gabrieli Ngoma, nambala yanga ya usilikali ndikupatsani. Daka ndimadana naye, aliyense akudziwa.”

“Kabowoko kali pati pachitsekero?”

“Pamwamba. Pakati penipeni.”

“Kali m’mbali. Tandionetsani manja.”

Sanafune, koma anatambasula. Chala chachikulu cha kumanja anachisiya ku Tanganyika. Cha kumanzere chinali chotambalala ngati supuni.

“Ndiponso inu ndinu a mpingo wa Dachi,” ndinatero. “Kwanu sadalitsa makandulo. Kwathu ku Katolika anadalitsa kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo Njati inayamba kufa sabata yotsatira. Mukubisa ndani?”

Anakhala pansi pa kampando kawo. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala nthawi ya ntchito.

“Ine ndinapitako kunkhondo, fundi. Ndinakhala zaka zitatu osalemba kalata, chifukwa sindinkadziwa kulemba. Pobwera ndinapeza mkazi wanga anandilira kale, anameta, anakwatiwa ku Chadiza. Sindinamuimbe mlandu. Koma ndikaona munthu amene akudikirabe, ine chipata ndimatsegula.” Anandiyang’ana. “Bwerani mawa misa ikatha. Koma mubwere ngati mnansi. Mukabwera ngati wapolisi, simulowa.”

*

Lamulungu ndinatuluka m’tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe, ndipo ndinakakhala kuseri kwa mulu wa matayala akutha. Dzina ndinali nditalidziwa kale mumtima, koma ndinkapempha kuti ndikhale wolakwa.

Chipata chinalira. Analowa Dolika, mkazi wa Matiyasi, amake Agnesi, atavala diresi lake lakutchalitchi. Nyumba yake ndi yanga zinali zoyang’anana kukomboni ya kampani. Mkazi wanga Rhoda ndi iye ankapatsana moto ndi mchere. Zaka zitatu ndinkamuona akudutsa ndi kadengu Lamulungu masana, ndipo sindinafunsepo kumene amapita.

Anakwera mu Njati n’kukhala kumanzere, mbali ya wokwera. Pampando wa dalaivala sanakhalepo. Anangoika dzanja pachiwongolero, pamalo osalala paja, n’kukhala choncho nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka. Kenako anatsika, anatulutsa m’kadengu nsanza, phulusa ndi ndimu, nayamba kupukuta nyali ndi zitsulo za kutsogolo.

Atafika pathanki anaima. Anawerama kuyang’anitsitsa chitsekero, n’kutsonya. Anamasula mfundo ya mpango wake, natulutsa kachidutswa ka kandulo ndi machesi.

“Amake Agnesi.”

Anadzidzimuka, machesi n’kugwa. “Alamu! Mufuna kundipha? Mukutani kuseri kwa matayala ngati khoswe?”

“Kanduloyo ndi wa chiyani?”

Anachita manyazi ngati mtsikana. “Musandiseke. Pali kabowo apa, chitsulo chinatha. Ndinakatseka, koma taonani katsegukanso. A Daka aja sasamala kanthu.”

“Munakatseka liti?”

“Sabata ija ya mvula yaikulu. Ndinapeza madzi ataima pachitsekero. Atate ake Agnesi ankanena nthawi zonse kuti dontho limodzi la madzi mu petulo lili ngati ululu wa njoka. Ndiye ndinati, mtsuko ukang’aluka timamata ndi phula, chidebe chikadontha timamata ndi phula. Ndinatenga kandulo wodalitsa uja timayatsa kukamachita mphenzi, kuti zikhale ziwiri, kutseka ndi kuteteza.” Anamwetulira pang’ono. “Pochoka anati, ‘Dolika, Agnesi ndi Njati ndakusiyira iwe.’ Anali kuseka, koma ine ndinamva. Ndikufuna adzaipeze monga anaisiyira.”

Ndinafunafuna mawu ofewa, koma sindinawapeze. Ndinamasula chitsekero, ndinachiika m’dzanja lake, ndipo ndinamufotokozera monga ndinafotokozera sajeni. Kabowoko sikanali kutha kwa chitsulo. Anakaboola dala amene anapanga loleyo.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anakhala pansi padothi, ndi diresi lakutchalitchi lomwelo.

“Mwendo wa a Samson?”

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

“Mayo ine.” Sanalire mokweza. Anangogwira kukamwa. “Masiku anayi Elesi akulira kuseri kwa nyumba yanga, ine ndikumuphikira phala, ndikumuuza kuti Mulungu adzaulula wolakwa.”

“Simunadziwe.”

“Mwendo sukufunsa zimenezo, alamu.”

A Kopolo anali atatembenukira kumsewu, msana uli kwa ife.

“Tamverani,” ndinatero. “Sajeni sakudziwa dzina lanu. A Kopolo akufuna kunena kuti ndi iwo. Ine ndingathe kunena kuti ndine, kuti ndinatseka poopa mvula n’kuiwala. Makaniko akalakwitsa amangomuchotsa ntchito. Inu akakupezani wolakwa, nyumba ikupita, mwinanso ndende.”

“Chala cha paphula paja n’chanu?”

“Phula ndinalitokosola. Palibenso chala.”

Anandiyang’ana monga ankandiyang’anira Matiyasi ndikamanga nati mopotoka.

“Inu munakana kusaina pepala la a Daka chifukwa theka linali bodza. Rhoda anandiuza, akunyada. Ndiye lero musaine bodza lathunthu chifukwa cha ine? Atate ake Agnesi akabwera ndidzawauza chiyani? Kuti Njati ndinaisunga, koma mnzanu ndinamudya?”

“Dolika...”

“Ayi. Mawa ndipita ndekha kwa sajeni. A Daka atuluke, a Kopolo asiyidwe. Lero madzulo ndipita kuchipatala. A Samson amve kwa ine asanamve kwa anthu.”

“Simupita nokha. Ndidzaima pambali panu n’kunena gawo langa, chifukwa lilipo ndipo si bodza. Lole inabwera m’manja mwanga kawiri isanapweteke munthu. Ndinasintha koilo, ndinasintha mapointi, ndinati yachira. Chitsekero ndinkachigwira tsiku lililonse osachiyang’ana. Amene amadziwa ntchito ya kabowoko ndine, osati inu.”

“Adzamva?”

“Sajeni ndi munthu woganiza. Za woweruza ndi bwana sindikudziwa. Sindikunamizani.”

Anadzuka, anakung’untha diresi, natola machesi. Chitsekero anachipukuta ndi nsanza komaliza, anachipenyetsetsa padzuwa mpaka kuwala kunadutsa pakabowo, ndipo anachibwezera yekha pathanki.

“Agnesi akagone kwanu ndi Rhoda, ngati sindibwerako.”

“Zimenezo n’zosachita kupempha.”

“Chilipo china.” Mawu ake anatsika. “Lole ya makalata yochokera ku Lusaka imafika Lachiwiri, dzuwa likapendeka. Ine ndimakaima papositi, pazenera la anthu akuda. Kalaliki wake amandidziwa. Akangondiona amapukusa mutu ndisanayankhule. Koma ine ndimamuuza kuti ayang’anenso, chifukwa tsiku lina anaika kalata ya a Shawa pamulu wa a Shaba. Akanditsekera, sipadzakhala womuuza. Kalata ikafika palibe woitenga, amaibweza. Ndiye munthu kumeneko adzati kwathu anandiiwala.”

“Ndamva.”

“Adzakusekani, alamu. Mwamuna wamkulu, makaniko, kuima pamzere wa akazi.”

“Aseke.”

“Ndipo ikabwera musatsegule. Ngakhale ikhale ya envulopu ya boma ija yobweretsa uthenga wa maliro. Mubwere nayo kumene ndili, ndidzatsegule ndekha, inu mudzandiwerengere.”

Ndinavula chipewa. Dzanja lake linkanunkha ndimu ndi phulusa pamene ndinaligwira.

“Lachiwiri lililonse ndidzakhala pazenerapo, amake Agnesi. Ndidzamuuza ayang’ane kawiri. Sindidzaleka mpaka ifike kalata, kapena atsike m’lolemo mwini wake.”